Buku Losokedwa ndi Ulusi wa Ukonde

Mwanamvua atatsitsa kamtolo kamene anakabisa pamwamba pa khoma, anadziwiratu kuti zinthu zavuta. Nsalu inali yonyowa, ndipo dothi lofiira la chiswe linali litamata mbali imodzi yonse. Atamasula mfundo, chikuto cha buku chinatsalira m'manja mwake, masamba ena n'kugwera pansi.

"Mayo ine! Amida, tabwera udzaone kuno!"

Amida, mwana wake wa Sitandade 6, analowa akuthamanga. Anangogwada n'kuyamba kutola masambawo limodzilimodzi, misozi ili chuchuchu.

Bukulo silinali lawo. Amida analibwereka ku laibulale ya sukulu yake ya pulayimale, kufupi ndi kwa Mponda, ndipo pa tsamba loyamba panali chidindo cha boma. Chaka chinali cha 1983, masiku amene munthu ukaona chidindo umayamba wayang'ana uku ndi uku usanatsokomole.

Chimene chinkamupweteka kwambiri Mwanamvua n'chakuti bukulo sanalichite chipongwe ayi. Analilemekeza, ndipo ulemuwo ndi umene unaliwononga. Iye sanapondeko m'kalasi, koma anakulira m'nyumba ya Chisilamu ku Makanjira, kumene anaphunzira kuti chinthu cholembedwa sichisiyidwa pansi, sichilumphidwa, sichigwiridwa ndi manja a ndiwo. Ndiye uthenga wa maliro a malume ake utabwera kuchokera ku Chowe, banja lonse lili yakaliyakali kukonzeka, iye anapeza bukulo lili pamphasa. Mwamuna wake, Che Sulemani, anali ndi bokosi lachitsulo momwe ankasungamo kitabu cha mapemphero, koma Mwanamvua anaona kuti n'kosayenera kusakaniza buku la sukulu ndi mawu a Mulungu. Choncho analikulunga m'nsalu yoyera n'kulikweza pamwamba pa khoma, kunsi kwa udzu wa denga, pomwe nkhuku kapena mwana sakanafika. Ku Chowe anakhalako masiku khumi, mvula ya mu Febuluwale ikukhuthuka. Paja tsoka silinunkha. Denga linadontha pomwepo, chiswe nacho n'kukwera ndi khoma.

Che Sulemani atabwera kuchokera kosoka maukonde, anaona bukulo n'kugwira pakamwa.

"Make Amida, mwatichita chiyani? Chidindochi mukuchiona? Uyutu ndi katundu wa boma!"

"Ine ndimati ndikusunga, bambo a Amida."

"Kusunga! Aphunzitsi akauza ahedi, ahedi akauza atcheyamani a chipani, mawa ayufi, anyamata a chipani aja, ali pakhomo pano kufunsa kuti tinang'ambiranji buku la boma. Muwayankha kuti n'chiswe? Chiswecho akachigwira kuti? Ine ndikuti tilimangirire mwala, tiliponye mu Shire, tinene kuti akuba analowa ife tili kumaliro."

"Zolembedwa kuziponya m'madzi? Manja angawa sangachite zimenezo. Ndipo bodza lonamizira maliro a malume anga sindinena."

Anakangana mpaka anagwirizana chinthu chopusa koposa. Bukulo analibisa pansi pa dengu, n'kulamula kuti Amida asapite kusukulu kufikira aphunzitsi ataiwala.

"Mabuku ndi ambiri, mphunzitsi ndi mmodzi. Aiwala basi," anatero Che Sulemani.

"Koma ababa, za maliro zija anatilola, koma munthu ukajomba masabata atatu popanda chilolezo amakufufuta m'kaundula," Amida anadandaula.

"Kuli bwino kufufutidwa m'kaundula wa sukulu kusiyana n'kulembedwa m'kaundula wina amene sindimutchula. Khala chete."

Masabata awiri anapita. M'mawa uliwonse Amida ankayanika usipa pathandala, maso ali kumsewu komwe anzake ankadutsa ndi mayunifolomu awo. Mwanamvua ankaona zonsezi ndipo mtima unkamuwawa. Ndi iye yemwe amene anaumirira kuti mwanayu aphunzire, pomwe atsikana ambiri a msinkhu wake ankangotuluka m'chinamwali n'kusiya sukulu. Ankafuna kuti m'nyumba mwake mukhale munthu wowerenga kalata ndi khadi la kuchipatala popanda kukapempha kwa aneba. Tsopano ndi iye yemwenso amene ankamutsekera pakhomo, ndipo linali litangotsala sabata limodzi kuti dzina lake lifufutidwe.

Poganiza kuti aphunzitsi aiwala, banjali linaonetsa kuti silinkawadziwa Mayi Jestina Kachiwanda. Mayiwa anali a ku Ntcheu, ndipo ndi amene ankayang'anira laibulale ya pasukulupo. Laibulaleyo, tisakokomeze, kanali kachipinda komwe kale ankasungamo makasu a m'munda wa sukulu. Iwo anakasesa okha, anakapaka laimu, n'kupempha matabwa a mashelefu kwa kalipentala wa kutchalitchi kwawo. Mabuku a ana sankakwana n'komwe mazana atatu, koma lililonse ankalidziwa dzina, zithunzi zake ndi mwana amene analitenga. Aphunzitsi anzawo ankawaseka kuti ambulera amaiwala m'basi, mchere amaiwala m'ndiwo, koma buku sanaliiwalepo chibadwire.

Chaka chilichonse mvula ikamatha, mayiwa ankakonza Tsiku la Mabuku. Ankandanda mabuku pamabenchi pansi pa mtengo wa mango, patsogolo pa lililonse n'kuikapo kachitini. Mwana aliyense amene anawerengako kanthu chaka chimenecho ankalandira nthanga imodzi ya mlambe n'kuiponya m'chitini cha buku lomwe analikonda. La nthanga zambiri linkatchedwa Buku la Chaka, ndipo linkasokeredwa kansalu kofiira kumsana. Mayi Jestina sankatchula mwambowu kuti chisankho, pakuti masiku amenewo mawu amenewo anali ndi eni ake. Ankangoti kuponya nthanga.

Loweruka m'mawa, Mwanamvua akupala mamba a chambo pakhonde, anamva belu la njinga.

"Odi kuno! Kodi pano ndi pa Che Sulemani?"

Anali Mayi Jestina. Mwanamvua anayala mphasa n'kupereka moni mwaulemu.

"Ndabwera kudzazonda mwana wanga Amida," anatero Mayi Jestina. "Chibwerereni ku maliro papita masabata awiri, koma sindinamuone."

"Ndi malungo, aphunzitsi. Amugwira koopsa, sakudzuka n'komwe."

Asanamalize n'komwe, Amida anatulukira kuseri kwa nyumba atasenza ndowa yodzaza madzi, khosi lili njo. Ataona aphunzitsi anaima ngati wapondedwa phazi.

Mayi Jestina anamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Malungo a kuno kwa Mponda ndi aulemu ndithu. Amalola munthu kusenza ndowa yonse."

Mwanamvua anafuna nthaka itang'ambika kuti alowemo. Anangoweramitsa mutu, mpeni uli m'manja.

"Mayi a Amida," aphunzitsi anatero motsitsa mawu, "ukabisa matenda maliro adzaulula. Lachisanu likubwerali dzina la mwanayu lichoka m'kaundula, ndipo pamenepo ngakhale ine sindingathandize. Taonani, sindinabwere ndi wapolisi. Ndabwera ndi njinga yokha. Ndiuzeni chavuta."

Mwanamvua analowa m'nyumba, anavundukula dengu, n'kubwera ndi kamtolo kaja. Anagwada n'kufotokoza zonse, za maliro a ku Chowe, za bokosi la kitabu, za khoma ndi chiswe. Atatha anadikira kukalipiridwa.

Mayi Jestina anaika bukulo pamiyendo pawo n'kumatembenuza masamba pang'onopang'ono. Nkhope yawo inagwa, osabisa, pakuti bukulo ankalikonda. Kenaka anafunsa kuti, "Mukuti munalikulunga m'nsalu yoyera?"

"Eya, aphunzitsi. Yochapa."

"Pa zaka khumi ndi ziwiri zimene ndasunga mabuku, ndaona buku lopichirira fodya, buku lokulungira zitumbuwa, lina mpaka lotchinjirizira mwendo wa tebulo. Koma lolandira ulemu woterewu sindinalionepo." Anaseka mpaka kupukuta maso. "Mtima wanu unali wabwino, mayi. Kungoti ulemu wa buku la ana ndi wina. Amida, tawerenga kapepala kali mkatimu."

Mkati mwa tsamba loyamba munali pepala lomata, lolembedwa mayina a onse amene anabwerekapo bukulo. Amida anawerenga: Thomson, Lusiya, Marita, Fanwell, mpaka mayina makumi anayi ndi atatu. Lake linalimo katatu.

"Mwamva?" anatero aphunzitsi. "Bukuli linatopa kale lisanakumane ndi chiswe, ndipo kutopa kwakeko ndiye ulemerero wake. Pashelefu panga pali lina loyera mbee, lakhala zaka zinayi popanda wolitsegula. Limenelo ndiye limandimvetsa chisoni."

Che Sulemani, amene nthawi yonseyi anali kuseri kwa nkhokwe akunamizira kusoka ukonde, anatulukira akutsokomola.

"Pepani aphunzitsi, nanga chidindocho? Boma litani nafe?"

"Boma linatumiza mabukuwa kuti ana awerenge, bambo. Buku likawonongeka, lamulo la laibulale yathu ndi limodzi. Libwezeni momwe lililimo, nenani zoona, tione pokonza. Ine ndikalemba kuti linadyedwa ndi chiswe ndipo lakonzedwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Buku ndingathe kulikonza. Mwana wosiya sukulu ndiye sindingathe."

Che Sulemani anavula chisoti n'kukanda m'mutu. "Ha! Ndiye masabata awiri onsewa takhala tikuthawa chithunzithunzi chathu chomwe?"

"Paja safunsa anadya phula," anatero Mwanamvua, osayang'ana mwamuna wake. Mwambiwo unkamukhudzanso iye, ndipo ankadziwa.

Aphunzitsi sanachoke. Anamanga chitenje m'chiuno n'kuyamba kugawa ntchito ngati ali m'kalasi. Masamba onyowa anawayala pamphasa mumthunzi, osati padzuwa kuti angapindike, lililonse n'kulitsindira ndi kamwala. Anatuma Mwanamvua kuphika phala lopyapyala la ufa wa chinangwa loti amatire. Chikuto chatsopano anachidula pa katoni ya sopo. Atafunsa nsalu yokutira, Mwanamvua anabweretsa chitenje chake chakale cha maluwa achikasu. Cha chipani chinalipo, chatsopano, koma chimenecho palibe amene akanayerekeza kuchidula.

Vuto linaoneka Amida atasanja masamba motsata manambala. Atatu omalizira panalibe, chiswe chinali chitangosiya m'mphepete.

"Apa ndiye pagona nkhani," anatero Mayi Jestina. "Nthano yopanda mathero mwana sangakukhululukire."

"Ine ndikuwadziwa, aphunzitsi," Amida anatero mwamanyazi.

"Masamba onse atatu?"

Amida anatsinzina n'kuyamba kunena. Aphunzitsi, amene nawonso ankalidziwa bukulo pamtima, ankangogwedeza mutu, ndipo anamukonza malo awiri okha. Kenaka anatulutsa mapepala oyera m'chikwama chawo n'kumupatsa cholembera chawo chomwe. Amida analemba atagona chafufumimba pamphasa, lilime lili panja, zilembo zoongoka ngati mizere ya mpunga.

Kusoka kunali kwa Che Sulemani. Anaboola timabowo kumsana kwa buku ndi msomali, n'kupisamo ulusi wa ukonde, uku akumanga mfundo zomwe amamangira maukonde ake. Mantha onse anali atathawa, tsopano ankalangiza ndi aphunzitsi omwe kagwiridwe kake.

Pofuna kutsimikiza kuti palibe tsamba lasokonekera, Mayi Jestina anauza Amida kuti awerenge buku lonse mokweza. Aka kanali koyamba kuti Mwanamvua amve zimene zinali m'kati mwa chinthu chimene anachilemekeza chija. Inali nthano ya mtsikana wotchedwa Asiyatu, amene anapalasa bwato yekha kuchokera ku Makanjira kupititsa bambo ake odwala kuchipatala.

"Taima kaye," Mwanamvua anadula. "Makanjira yake iti? Ya kwathu ija?"

"Yomweyo, amayi."

"Ili m'buku?"

Iye ankaganiza kuti mabuku amakamba za Mulungu, za boma ndi za Azungu basi. Anasendera pafupi, phala likuuma m'zala. Pamene mphepo ya mwera inayamba m'nthanomo, Asiyatu n'kukhotetsa bwato kutsata gombe, Mwanamvua anawomba m'manja.

"Ameneyo ndi mwana wa kwathu! Mwera sulimbana nawo, umazembera m'mbali. Wolembayo nyanja amaidziwa."

Mayi Jestina anangomwetulira. Anali ataona nkhope yotereyi kambirimbiri pa ana a Sitandade 3, ndipo sinkawatopetsa.

Lolemba Amida anabwerera kusukulu dzina lake likadali m'kaundula. Buku la chikuto cha maluwa achikasu linabwerera pashelefu, koma silinagonepo. Ana poyamba analiseka kuti lavala chitenje ngati likupita ku ukwati. Atamva kuti mathero ake analemba ndi mnzawo, anayamba kulimbirana, ena mpaka kuwerengera awiriawiri pa nthawi yopuma.

Patapita masabata awiri, Tsiku la Mabuku linafika, ndipo makolo anaitanidwa. Mwanamvua anavala mpango wake wa pa Idi, Che Sulemani mkanjo woyera. Anakhala kumbuyo kwenikweni, pakuti manyazi anali asanatheretu. Ana anafola mzere, aliyense ndi nthanga yake, ndipo zitini zinkalira kuti kho! kho! Atatha, ana awiri a Sitandade 8 anakhuthula zitini n'kuwerenga nthanga anthu onse akuona. Buku la nthano za nyama linapeza makumi asanu ndi limodzi. La Asiyatu linapeza makumi asanu ndi atatu kudza zinayi.

Ana anakuwa mpaka mbalame zinathawa mumtengo. Mayi Jestina ananyamula bukulo m'mwamba n'kudikira phokoso lithe.

"Ili ndiye Buku la Chaka," anatero. "Mwezi wapitawu linali chakudya cha chiswe. Mfundo mukuzionazi anamanga ndi Che Sulemani. Chikutochi ndi chitenje cha mayi a Amida. Masamba atatu omalizawa analemba ndi Amida, kuchokera m'mutu mwake. Makolo, mverani. Mwana akabwera ndi buku kunyumba, musaliope. Mulekeni awerenge, ndipo akuwerengereni inunso. Lisungeni m'kathumba kopachika kutali ndi khoma ndi modontha, ndipo libwezeni pa tsiku lake. Likang'ambika kapena kunyowa, musalibise, ndipo musabise mwana. Bwerani nalo tidzakonze. Tsopano kansalu kofiira chaka chino sindisoka ndine. Mayi a Amida, bwerani kutsogolo kuno."

Mwanamvua anaimirira. Anadutsa pakati pa ana, aphunzitsi ndi ahedi omwe ankawaopa aja, amene tsopano ankawomba nawo m'manja. Analandira singano n'kusokerera kansaluko kumsana kwa buku, pambali pa mfundo za mwamuna wake. Atakweza maso anaona Amida ataima pamzere wa Sitandade 6 akumuyang'ana, ndipo mtima wake unadzaza ndi kunyada kumene sanakumvepo chibadwire. Amayi anzake a m'mudzi analuluta.

Kumbuyo kuja Che Sulemani anali akugwira aliyense wokhala naye pafupi. "Mfundo zimenezo ndi zanga. Chambo sichinadulepo, ndiye mwana wa sukulu angadule?"

Kuyambira pamenepo, Loweruka loyamba la mwezi uliwonse Mayi Jestina ankafika ndi katoni ya mabuku odwala itamangidwa panjinga, ndipo khonde la Che Sulemani linasanduka chipatala chake. Amayi ena atatu anayamba kubwera ndi zidutswa za zitenje. Malipiro awo anali amodzi, akuti buku lililonse likachira liwerengedwe mokweza lisanabwerere.

Koma chimene Mwanamvua ankachikumbukira kwambiri ndi Lolemba lotsatira Tsiku la Mabuku lija. Amida anafika masana ndi buku lina latsopano, la chidindo chomwe chija. Anapeza amayi ake atasoka kathumba ka nsalu n'kukapachika ndi chingwe pakati pa nyumba, kutali ndi khoma. Anatambasula dzanja kuti aikemo bukulo.

"Usalipachike kaye," anatero Mwanamvua, akusamba m'manja. Anayala mphasa n'kukhala pansi. "Bwera nalo kuno. Yambira tsamba loyamba, ndipo ukweze mawu."

Buku la ana limalemekezedwa poliwerenga, osati polibisa. Likawonongeka, nenani zoona n'kulibweza kuti likonzedwe. Buku long'ambika limasokeka, koma mwana akasiya sukulu chifukwa cha mantha a makolo, palibe ulusi umene ungabwezeretse zimene wataya.